Za ziphaso za imfa ndi mabuku akale: mayankho ochokera ku ofesi ya mpingo kuno ku Kasungu

Chiyambireni msika wa fodya chaka chino, pakhonde la ofesi yathu sipakusowa anthu. Ino ndi nyengo imene mabanja amapezako kangachepe n'kukumbukira zomanga ziliza, ndipo mmisiri sayamba kuzokota mwala asanapatsidwe chaka chobadwa ndi chaka chomwalira. Ena obwera ndi achinyamata amene akulemba mbiri ya mtundu wawo, ena atumidwa ndi abale okhala ku Joni kapena ku Lilongwe. Ambiri amafika ndi mawu amodzimodzi: "Tabwera kudzatenga satifiketi ya imfa ya agogo." Tikawauza kuti kuno kulibe, amabwerera atakhumudwa, ndipo zatipeza kuti kunjaku kukumveka zoti timabisa mabuku kapena timafuna kaye ya m'manja. Akuluakulu a mpingo atipempha ife a mu ofesi kuti tilembe zimene takhala tikuyankha pakhomopa.

Kodi mpingo umapereka chiphaso cha imfa?

Ayi. Chimaperekedwa ndi boma kudzera ku nthambi ya kalembera ya NRB, ndipo ofesi yake ili kwa bwanamkubwa pa boma pano.

Nanga bwanji kumeneko atiuza kuti agogo athu mulibe m'kaundula?

Sanakunamizeni, ndipo sikuti wina anataya fayilo. Lamulo lakale lolembetsa kubadwa ndi imfa, la m'chaka cha 1904, linkakakamiza anthu obwera monga azungu ndi amwenye. Kwa ife eni dziko, kulembetsa kunali kwa wofuna, ndipo mabuku ake ankasungidwa kwa Registrar General ku Blantyre. Ndani akanachoka kwa Santhe kapena kwa Wimbe kupita ku Blantyre kukanena kuti mayi ake atsikira kuli chete? Lamulo lokakamiza aliyense linakhazikitsidwa mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015. Ndiye ngati agogo anu anamwalirira kumudzi mu 1968, nthawi zambiri umboni wake unali adzukulu amene anakumba manda, anyakwawa amene analoza malo, ndi anthu amene anagona pasiwa.

Musadzione ngati banja lanu linali losasamala. Ngakhale Kamuzu Banda, mwana wa konkuno, analibe pepala la kubadwa. Boma linkakondwerera 14 May 1906 ngati tsiku lake lobadwa, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898, ndipo pamene ankamwalira ku Johannesburg mu November 1997 nkhani ya zaka zake inali isanathe.

Munthu wamwalira posachedwapa, tiyambire pati?

Akamwalirira m'chipatala, achipatala amadzaza fomu ya NR10 ndipo dokotala amalemba chimene chatenga moyo wa munthuyo. Akamwalirira kumudzi, muyambire kwa anyakwawa kuti achitire umboni. Ikakhala ngozi kapena imfa yokayikitsa, apolisi adziwe maliro asanaikidwe. Lamulo limapereka masabata 6 olembetsera imfa. Chiphaso cha unzika cha malemu musachiike m'bokosi limodzi ndi zovala zawo, chidzafunika.

Kodi imfa yakale ingalembetsedwe lero, ndipo kalata yanu ingathandize?

Apa tiyankhe mosamala, chifukwa ena achoka pano akuganiza kuti tawalonjeza chiphaso. Lamulo lili ndi njira yolembetsera imfa mochedwa. Koma kuvomereza kapena kukana ndi udindo wa a kalembera, osati wathu, ndipo iwo ndiwo amanena umboni umene ukukwanira. Chimene ife tingapereke ndi kalata yodinda yonena kuti m'buku lakutilakuti, patsamba lakuti, tapezamo dzina ili ndi mawu awa. Kalatayo ndi umboni wothandizira chabe. Ikhoza kulemera ikaphatikizidwa ndi kalata ya anyakwawa, ya agulupu kapena ya mfumu yaikulu, komanso mboni zamoyo zimene zinalipo pamaliro. Ikhozanso osakwanira, makamaka ngati dzina la m'buku likusiyana ndi limene inu mukulidziwa.

Tikulangizeni kuti mudzifunse kaye chifukwa chimene mukufunira pepalalo. Ngati ndi nkhani ya chuma cha masiye, penshoni kapena ndalama za kubanki, pitani kaye kwa bwanamkubwa kapena kwa Administrator General, woyang'anira chuma cha masiye m'boma, mukamve zimene akufuna, musanawononge thiransipoti kubwera kuno. Ngati cholinga ndi kudziwa mbiri ya makolo kapena kulemba pachiliza, simukusowa chiphaso cha boma. Mzere umodzi wa m'buku lathu ukhoza kukuuzani zambiri kuposa chiphaso: mudzi umene anachokera, dzina la mwamuna kapena mkazi wawo, ndi mpingo umene anasamukira.

M'mabuku mwanumo muli chiyani?

Muli kaundula wa ubatizo, wa akalasi, wa maukwati ndi wa akhristu odya mgonero. Buku la imfa palokha linayamba mochedwa. M'mabuku akalewo, a zikuto zolimba ndi inki imene tsopano yafiirira, imfa imaoneka ngati kamtanda kakang'ono kumapeto kwa mzere ndi mawu oti "anamwalira", nthawi zina ndi chaka, nthawi zina popanda. Matenda sankalembedwa. Amene sanali a mpingo uno simuwapezamo, ngakhale anali munthu wodziwika m'mudzi monse.

Ndani ali ndi ufulu woona zolembedwa za malemu?

Funso ili ndi limene latidanitsa ndi anthu ambiri. Mwana, mdzukulu, mkazi kapena mwamuna wa malemu, komanso mwinimbumba, timawathandiza akabwera ndi chiphaso cha unzika ndi kalata ya anyakwawa kapena ya mkulu wa mpingo wa kudera lawo yotsimikiza ubalewo. Wina aliyense, kuphatikizapo ophunzira ochita kafukufuku, alembe kalata kwa abusa ndipo adikire yankho la bwalo la akuluakulu.

Ena amati, "Munthu anafa kalekale, mukubisiranji?" Chifukwa choyamba n'chakuti m'mabuku omwewo munkalembedwanso milandu ya mumpingo: amene anadulidwa, chifukwa chimene anadulidwira, mwana amene bambo ake ankakanidwa. Ana a anthu amenewo ali moyo, ena timapemphera nawo Lamulungu lililonse. N'chifukwa chake sitipereka buku m'manja mwa mlendo kuti azivundukula yekha. Mlembi ndiye amatsegula, n'kukuonetsani mzere wa munthu wanu yekha. Kujambula tsamba lonse ndi foni sitilola, ndipo kuika pa Facebook n'koletsedwa.

Chifukwa chachiwiri ndi malo. Si onse amene amati akufufuza mbiri amene akufufuzadi mbiri. Takhala tikulandira a kuchikazi m'mawa ndi a kuchimuna masana, onse akufunsa za munthu mmodzi, kumbuyo kuli munda umene akulimbirana. Boma lathu lino lili ndi miyambo iwiri: kwa Achewa ambiri mbumba imatsata kuchikazi ndipo mawu a malume amalemera, pamene kumpoto kwa bomali kuli mabanja ambiri olowola amene amatsata kwa bambo. Ofesi ya mpingo siingagamule kuti mwini maliro ndani. Zikatero mbali zonse ziwiri timazipatsa kalata yofanana liwu ndi liwu, kapena timadikira kuti khoti kapena bwalo la mfumu litipemphe lokha. Tikudziwa kuti njira imeneyi imachedwetsa ngakhale anthu a mtima wabwino, ndipo ena awononga masiku awiri chifukwa cha kalata imodzi ya anyakwawa. Pakadali pano akuluakulu sanaone njira ina yotetezera onse.

Kodi pali malipiro?

Kufunsa ndi kuonetsedwa mzere wa m'bale wanu n'kwaulere. Kalata yodinda ili ndi chopereka chochepa chimene bwalo la akuluakulu linakhazikitsa, cha mapepala ndi inki, ndipo mtengo wake wamatidwa pachitseko cha ofesi. Mukapereka, landirani lisiti. Ngati kufufuzako kukufuna masiku angapo, monga pamene simukudziwa ngakhale zaka khumi zimene munthuyo anabatizidwiramo, mlembi adzakuuziranitu, ndipo chilichonse chowonjezera chimavomerezedwa ndi abusa osati mlembi. Chowonjezeracho sichibwezedwa dzina likapanda kupezeka pambuyo pofufuza nthawi yaitali. Izi zadandaulitsa anthu, ndipo tikumvetsa, koma ntchito imakhala itagwiridwa. Okalamba ndi ovutikitsitsa akhoza kupempha kuti akhululukiridwe. Sitikulonjeza kuti pempho lililonse lidzavomerezedwa.

Za mphekesera ija, tisabise. Chaka chatha mnyamata wina amene ankatithandiza kunyamula mabuku analandira ndalama kwa anthu awiri powalonjeza kuti awadumphitsa mzere. Zitadziwika ndalamazo zinabwezedwa ndipo iye sakugwiranso nafe. Kuchokera pamenepo ndalama imalandiridwa ndi munthu mmodzi yekha, patebulo, anthu akuona. Madobadoba amene amakuimitsani pamsewu n'kunena kuti ali ndi "munthu wawo mkati", kaya kuno kaya ku boma, si athu. Malipiro a ku boma mukafunse komweko ndipo mukalandire lisiti ya boma.

Kodi n'zoona kuti mabuku ena anawonongeka?

N'zoona. Awiri anadyedwa ndi chiswe pamene ankasungidwa m'kabati yotsamira khoma, ndipo lina linanyowa denga litasasuka ndi mphepo, moti masamba anamatana. Ngati munthu wanu ali m'zaka zimenezo, tidzakuuzani poyera.

Ofesi ikuchitapo chiyani kuti zisachitikenso?

Mabuku onse tsopano ali m'kabati yachitsulo, ndipo achinyamata awiri odzipereka akukopera mayina m'kompyuta Loweruka lililonse, kuyambira ndi mabuku okalamba kwambiri.

Tikudziwa kuti anali mkhristu, koma dzina silikupezeka. Zatheka bwanji?

Kawirikawiri vuto limakhala dzina lenilenilo. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi lina limene anadzipatsa ku ntchito. Amayi ambiri mumawadziwa ndi mfunda wokha, Nabanda, Naphiri, Nambewe, ndipo a Nabanda m'buku limodzi amakwana mudzi wathunthu. Bwerani ndi mayina onse, dzina la mudzi wakale, la nyakwawa wa nthawi imeneyo, ndi la mwamuna kapena mkazi wawo.

Mwezi watha mayi wina anabwera ndi kachitini kokulungidwa m'chitenje. Munali khadi la mgonero la mayi awo ndi chitupa cha msonkho cha agogo awo aamuna, chong'ambika pakati koma dzina la mudzi likuwerengeka. Dzina limene iwo ankalidziwa tinalisaka m'mawa wonse osalipeza. Titatsata mudzi wa pachitupacho, tinawapeza agogowo atalembedwa ndi dzina la ubatizo limene palibe m'banjamo ankalikumbukira. Mayiwo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anapempha kuti tiwawerengerenso. Musanabwere kuno, fufuzani m'masutikesi, m'mabaibulo akale, m'mabuku a chipepeso, ndipo khalani pansi ndi azakhali ndi amalume akadali moyo.

Pali zifukwa zinanso. Ntchito ya mishoni kuno inayamba pansi pa Livingstonia, ndipo inaperekedwa ku mishoni ya Nkhoma m'zaka za m'ma 1920, choncho zolembedwa zoyambirira sizili zonse kuno. Akatolika, a Anglican ndi mipingo ina ali ndi mabuku awoawo. Amene anabwera ngati matenanti m'maesiteti a fodya nthawi zambiri anabatizidwira kwawo, ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Dedza, ndipo kuno anangoikidwa m'manda a pa esiteti. Ngakhale m'njala ya 2002, imene si kale kwenikweni, maliro anachuluka moti si onse amene anafika m'buku.

Kodi ku Zomba tingakapezeko kanthu?

Ku National Archives, imene inayamba mu 1947, kumasungidwa mabuku a maboma a nthawi ya atsamunda, milandu, nyuzipepala ndi zolemba za mamishoni ena. N'kothandiza kwambiri ngati kholo lanu linali mfumu, mphunzitsi, mesenjala kapena msilikali, kapena ngati mukutsata mudzi umene unasamutsidwa, monga midzi imene inali m'dera la paki ya Kasungu. Lemberani kalata kapena imbani musananyamuke, ulendowo ndi wautali.

Nanga amene anapita ku Wenela osabwerera?

Amachona ndi amene amatipweteka mtima kwambiri, chifukwa kwawo kuno kulibe ngakhale manda oloza. Imfa imalembetsedwa m'dziko limene yachitikira, ndiye amene anamwalirira ku migodi ya ku South Africa, m'mafamu a ku Zimbabwe kapena ku Copperbelt, pepala lawo likhala kumeneko. A TEBA, amene analowa m'malo mwa Wenela pa ntchito yolemba anthu opita ku migodi, amasunga zolembedwa za ogwira ntchito m'migodi, ndipo chimene chimathandiza ndi nambala ya ntchito ya munthuyo, dzina la mgodi ndi zaka zimene anagwirako. Ngati banja limanena kuti anafa pa ndege, kumbukirani ngozi ya ku Francistown, m'dziko la Botswana, ya mu April 1974, imene inapha Amalawi 74 obwerera kuchokera ku migodi. Asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) amene anafera ku nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, mayina a ena mwa iwo amapezeka pa intaneti, pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission. Kunena mwalamulo kuti munthu wosowa anamwalira ndi ntchito ya khoti, ife sitilemba kalata yotero.

Tikukumbukira tsiku ndithu, bwanji osangotilembera m'kalatamo?

Sitingatero, ngakhale mutabwera ndi banja lonse likuvomerezana. Chidindo chathu chimachitira umboni zimene zili m'buku basi. Ngati buku lili ndi chaka chokha, kalata idzakhala ndi chaka chokha. Zimene mukukumbukira ndi umboni wanu, ndipo mukhoza kukaulumbirira kwa majisitireti kapena kuupereka kudzera kwa anyakwawa. Pa chiliza, mabanja ena amalemba chaka chokha, ena amalemba "cha m'ma 1940", ndipo amisiri a kuno amazokota zimenezo popanda vuto.

Ofesi imathandiza za mabuku Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Ochokera kutali, monga kwa Simlemba kapena kwa Kapelula, atumize mayina kudzera kwa mkulu wa mpingo sabata imodzi asanabwere, kuti adzapeze titafufuza kale.