Chester, Papa Action ndi mkangano wakale wa masewero a kusukulu

Mu Marichi 2025 kampani ya Netflix inatulutsa sewero la magawo anayi lotchedwa Adolescence, lokamba za mnyamata wa zaka 13 yemwe wamangidwa pomuganizira kuti wapha mtsikana wa pasukulu pake. Mweziwo usanathe, nduna yaikulu ya Britain, a Keir Starmer, anali atauza nyumba ya malamulo kuti akulionera limodzi ndi ana awo, ndipo Netflix inalengeza kuti sukulu za sekondale za m'dzikomo zilionetse ulere. Apa m'pomwe anthu anagawikana. Gawo lachiwiri limachitikira pasukulu, ndipo sukuluyo ndi chipwirikiti chokhachokha: ana akukuwa m'makonde, ena akumenyana, m'makalasi ena akungoonera mavidiyo. Aphunzitsi ambiri anati seweroli lawanyoza. Makolo ena anati lawatsegula maso. Enanso anafunsa ngati nkhani yopeka ingasanduke phunziro la m'kalasi.

Amene anatsata wailesi ya kanema ya ku South Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mkanganowu akuudziwa, chifukwa unachitikapo kale pa sewero la pasukulu lotchedwa Yizo Yizo, lomwe munali Chester ndi Papa Action, ndipo kumeneko unatentha kuposa apa.

Poyamba sukulu ya pa kanema inali malo osekera basi. Ku America kunali Our Miss Brooks, yomwe inayambira pa wailesi mu 1948 n'kufika pa kanema mu 1952, ndipo madandaulo ake aakulu anali malipiro ochepa a mphunzitsi ndi ukali wa ahedi. Ngakhale zoseketsazo nthawi zina zinkaputa mavu. Mu 1975 nyumba ina youlutsira kanema mumzinda wa Boston inayamba yakana kuonetsa Welcome Back, Kotter, poopa kuti kalasi ya ana a mitundu yosiyanasiyana ikolezera moto pa nthawi yomwe mzindawo unkakangana za kusakaniza ana akuda ndi azungu m'sukulu. Ku Britain, Mind Your Language inayamba mu 1977 n'kuimitsidwa mu 1979 chifukwa mkulu wina wa kanemayo, a Michael Grade, ankaona kuti imaseka anthu a mitundu ina. Chodabwitsa n'chakuti m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia, kuphatikizapo kwawo kwa ena mwa anthu osekedwawo, seweroli linakondedwa zaka zambirimbiri.

Zinthu zinasintha pa 8 Febuluwale 1978, pomwe BBC inayamba kuonetsa Grange Hill, sewero la ana lomwe analemba a Phil Redmond. Kamera ankaiika pamsinkhu wa mwana, kotero woonera ankaona aphunzitsi momwe mwana amawaonera, kuchokera pansi. Ana ake ankayankhula ngati ana a m'misewu ya London, ankayankha aphunzitsi mwamwano, ankalandana ndalama. Makolo analemba makalata odandaula, ena analetseratu ana awo kuonera, ndipo bungwe la mayi Mary Whitehouse, lomwe linkalondalonda zoipa pa kanema, silinakhale chete. Komabe mu 1986, seweroli litaonetsa mnyamata wotchedwa Zammo atakodwa ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin, ana ochita seweroli anajambula nyimbo yoletsa mankhwalawo ndipo anaitanidwa ku White House kwa mayi Nancy Reagan, mkazi wa pulezidenti wa America panthawiyo. Sewero lomwe ankati likuononga ana linasanduka chida cha akuluakulu. Linatha mu 2008 litakwanitsa zaka 30, ndipo odandaula pa kutha kwake anali ana aja ankaletsedwa, tsopano ali makolo.

Koma pachimake penipeni pa mkanganowu, m'kuona kwanga, ndi Yizo Yizo.

Kuti timvetse tiyambe ndi momwe sukulu za anthu akuda ku South Africa zinalili. Lamulo la Bantu Education la 1953 linakonzedwa dala kuti mwana wakuda aphunzire zochepa. Mu 1976 ana a ku Soweto anaukira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunyanyala makalasi kunali mbali ya nkhondo yolimbana ndi tsankho. Ufulu utabwera mu 1994, boma la a Mandela linalandira sukulu zopanda zitseko, zopanda mabuku, zomwe ana ankalowa ndi kutuluka nthawi yomwe afuna. Mu 1996 lamulo latsopano linaletsa kukwapula ana, koma aphunzitsi ambiri sankadziwa njira ina yosungira mwambo. Mu 1997 boma linakhazikitsa kampeni yotchedwa COLTS yofuna kubwezeretsa chikhalidwe cha kuphunzira ndi kuphunzitsa, ndipo nthambi ya zamaphunziro ya SABC, wailesi ya boma ya dzikolo, mogwirizana ndi unduna wa zamaphunziro, inaitanitsa sewero lothandiza kampeniyo. Mfundo imeneyi anthu amaiiwala: Yizo Yizo linaitanitsidwa ndi boma lenilenilo.

Ntchitoyo inagwera gulu lomwe munali a Teboho Mahlatsi ndi a Angus Gibson. Asanalembe, anayamba ayendera sukulu za m'makomboni, kumacheza ndi ana ndi aphunzitsi. Kenako anapeka sukulu yotchedwa Supatsela High, n'kukajambulira ku Daveyton, kum'mawa kwa Johannesburg. Magawo 13 oyamba anayamba kuonetsedwa pa SABC1 mu Febuluwale 1999.

Zomwe anthu anaona m'magawo amenewo sizinali zomwe ankayembekeza kuchokera ku unduna. Ahedi, bambo Mthembu, akulamula ndi ndodo, mpaka tsiku lomwe avulaza mwana n'kuchoka pampando. Wolowa m'malo mwawo ndi munthu wachinyengo, ndipo sukulu igwa m'manja mwa Chester, chigawenga cha kunja kwa mpanda, ndi Papa Action, mnyamata wa pasukulu pomwepo. Papa Action agwira mwana mnzake n'kumuviika mutu m'chimbudzi. Atsikana agwiriridwa. Mphunzitsi afunsira mwana wa m'kalasi mwake. Chamba, mfuti, zonse zili pomwepo, ndipo chiyankhulo chake ndi cha m'misewu, chosakaniza Chizulu, Chisutu, Chingerezi ndi Chiafrikaans, nyimbo zake za kwaito. Kumapeto kubwera ahedi atsopano, mayi Grace Letsatsi, ndipo ana, makolo ndi aphunzitsi agwirana manja kulanditsa sukulu yawo. Koma kuti woonera afike pamenepo anayenera kupirira masabata ambiri a nkhanza, ndipo odzudzula ambiri anali atatseka kale kanema wawo.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa: m'makalata a ku nyuzipepala ya Sowetan, m'mapulogalamu oimba foni pa wailesi, m'matchalitchi. Odzudzula anali ndi mfundo zitatu zosiyana, ngakhale zinkamveka ngati imodzi. Ena ankati ana akutengera, ndipo nyuzipepala zinalemba za anyamata omwe ankadzitcha maina a zigawenga zija n'kumazunza anzawo monga anaonera. Ena ankati seweroli likuvula mtundu wa anthu akuda pagulu, patangopita zaka zisanu chilandirire ufulu, azungu akuonera. Ena, makamaka achikulire, vuto lawo linali la manyazi: banja lili ndi kanema mmodzi pabalaza, ndiye bambo akhale bwanji limodzi ndi mwana wake wamkazi zoterozo zikuoneka? Dandaulo lachitatuli ine sindilipeputsa. Olemba seweroli ankafuna kuti makolo ndi ana akambirane, koma m'nyumba zambiri wina ankangonyamuka n'kukagona.

Ana ambiri yankho lawo linali lalifupi: zili choncho kumene, inuyo simubwerako kusukuluko.

Ndiye ndani ankanena zoona? Kutsutsa galu n'kukumba. Nkhani za kutengera zinachokera kwambiri m'nyuzipepala, ndipo zambiri zinali mawu a mphunzitsi kapena kholo lomwe laona choipa n'kuchilumikiza ndi seweroli. Kuti ana ena anatengadi maina ndi kayendedwe ka Papa Action, palibe akukana, ngakhale opanga seweroli. Koma nkhanizo sizinkasonyeza kuti sukulu zomwezo zinali bwanji chaka cha m'mbuyo, choncho sizingatsimikize kuti nkhanza zinachuluka, kapena zinangopeza dzina latsopano. Kumbali inayo, kafukufuku yemwe SABC inachititsa anapeza kuti ana ambiri ankaona seweroli ngati chithunzi cha moyo wawo ndipo linkawayambitsa kukambirana. Ameneyunso timuwerenge mosamala, poti wolipira kafukufukuyo ndi mwini sewero.

Mboni yomwe inalibe mbali inabwera mu Marichi 2001. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lotchedwa Scared at School, lofotokoza momwe atsikana ankagwiriridwira ndi kuzunzidwa m'zimbudzi, m'makalasi opanda anthu ndi m'nyumba zogona za sukulu za ku South Africa, ochita zimenezi ali ana anzawo ndi aphunzitsi omwe, akuluakulu a sukulu n'kumabisa. Lipotili silinkateteza sewero lililonse. Koma amene ankati za ku Supatsela n'zokokomeza anasowa poponda.

Mwezi womwewo ndi pomwe zinafika poipa. Chigawo chachiwiri cha seweroli chinali pa kanema, ndipo m'gawo lina Chester, yemwe tsopano ali m'ndende, agwiriridwa ndi mkaidi mnzake. Opanga seweroli anafotokoza cholinga chawo momveka. Anali ataona kuti anyamata ambiri akumusirira Chester, zovala zake, galimoto lake, mantha omwe anthu ankamuchitira, ndipo anafuna kuonetsa komwe njira imeneyo imathera. Kunena kwina, gawo limeneli linali yankho lawo kwa odzudzula aja, kuvomera kuti pa nkhani ya kusirira zigawenga odzudzulawo anali ndi mfundo. Koma mkwiyo unaposa wa poyamba. Phungu wa chipani cha ANC, mayi Lulu Xingwana, anapempha m'nyumba ya malamulo kuti seweroli liletsedwe. Nduna ya zamaphunziro, a Kader Asmal, analiikira kumbuyo, ndipo SABC inapitiriza kulionetsa mpaka kumapeto.

Pali chinthu chomwe chimandivuta ndikaganiza za mwezi umenewo. Mu 1999 atsikana a m'seweroli anagwiriridwa anthu akuonera, kunali madandaulo ndithu, koma phokoso lalikulu kuposa lonse linadza pomwe wogwiriridwayo anali mwamuna, chigawenga chomwe chinazunza atsikanawo. Ndipo lipoti la atsikana enieni, lotuluka masiku omwewo, silinatenthe m'makalata a owerenga ngati mphindi zochepa zija za m'ndende yopeka.

Izi sizikutanthauza kuti mantha a kutengera ndi opanda pake nthawi zonse. Mu 2017 Netflix inatulutsa 13 Reasons Why, sewero la pasukulu ya ku America lomwe linaonetsa mwatsatanetsatane mtsikana akudzipha. Akatswiri a zamaganizo anachenjeza, ndipo mu 2019 kafukufuku wina anapeza kuti chiwerengero cha achinyamata odzipha chinakwera mwezi wotsatira kutuluka kwa seweroli. Ofufuza ena anatsutsa kawerengedwe kake, komanso kukwerako kunaoneka kwambiri mwa anyamata pomwe seweroli linkakamba za mtsikana. Ngakhale zinali choncho, mu Julayi 2019 Netflix inachotsa malo oonetsa mtsikanayo akudzipha. Kuonetsa njira yodzivulazira n'kosiyana ndi kuonetsa chimbudzi chomwe mwana amalowamo tsiku ndi tsiku, ndipo mkangano umasokonekera anthu akaziika ziwirizi m'thumba limodzi.

Dandaulo la aphunzitsi nalonso lili ndi kulemera kwake. Sewero limafuna chipwirikiti. Mphunzitsi yemwe wafika nthawi yake, waphunzitsa masamu bwinobwino n'kuchonga makope mpaka usiku sakopa woonera, ndiye kamera imamudumpha. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri ku America anakondwera ndi Abbott Elementary, sewero loseketsa la a Quinta Brunson lomwe linayamba mu 2021. Limaonetsa sukulu yosauka ya ku Philadelphia, koma chosekedwa ndi kusowa kwa zipangizo ndi ulesi wa akuluakulu, aphunzitsiwo akuoneka ngati anthu olimbikira. Yizo Yizo nalo linali ndi aphunzitsi abwino, kungoti anthu sakumbukira iwowo, amakumbukira Papa Action.

Chigawo chachitatu chinatuluka mu 2004, ana aja atamaliza sukulu n'kupita kukasaka moyo mumzinda wa Johannesburg. Ochita seweroli angapo anatchuka, kuphatikizapo woimba kwaito Zola, yemwe anatenga malo a Papa Action m'chigawo chachiwiri. Mu 2023 seweroli linaikidwa pa Netflix, ndipo chaka chomwecho, mu Julayi, a Teboho Mahlatsi anamwalira. Mauthenga achipepeso anachokera m'mbali zonse, a boma omwe, ndipo seweroli analitchula ngati chuma cha dziko, patangotha zaka 22 chichokereni pempho lija la m'nyumba ya malamulo loti liletsedwe.