Musanaitanitse galimoto yamagetsi, tione kaye mawaya a m'nyumba mwanu

Ndatopa nalo funso limodzi abale anga. Aliyense akangomva kuti ndimaika matchaja a galimoto zamagetsi amayamba ndi lomwelo, "nanga magetsi akazima mutani?" Kwinaku kuli anthu ena amene atopa ndi kugona pa mzere wa petulo, iwowa sandifunsa kanthu, amangoitanitsa Nissan Leaf ku Japan, ikafika pa Songwe ndi pomwe foni yanga ikulira eti ndibwere ndidzaone potchajira. Onsewa maso awo ali kwa ESCOM, palibe amene akuyang'ana khoma la nyumba yake, chikhalirecho mavuto amene ndimaitanidwira ambiri amayambira pakhomapo.

Za kuzimazo sindikukana, zilipo ndithu. Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tinaona zomwe zinachitika mu January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 anachoka ndipo tinakhala nawo mdima uja kupitirira chaka. Zoterozo zikhoza kubweranso. Koma galimoto si filiji yoti magetsi akachoka maola 8 nyama yaonongeka, ili ngati thanki ya madzi yapakhomo, simufuna kuti mpopi uzituluka tsiku lonse, mumangofuna maola okwanira kuti thanki idzaze basi.

Ndiye werengani maolawo m'malo mongoopa. Yuniti imodzi imene mumagula pa mita ija ndi 1 kWh. Galimoto ngati Leaf imadya mayunitsi 15 mpaka 18 pa makilomita 100, kutengera phazi lanu, mapiri komanso AC. Tinene kuti patsiku mumayenda makilomita 40, kuntchito, kusukulu ya ana, kumsika, kubwerera kunyumba, amenewo ndi mayunitsi 7, tiike 8 chifukwa ena amatayika potchaja. Tchaja yaing'ono ya 10A pa magetsi athu a 230V imapereka 2.3 kW, ndiye kuti maola atatu ndi theka kapena anayi mwabweza zonse zimene munadya. Funso loyenera ndi ili, kodi kwanuko pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa mumakhala ndi magetsi maola anayi masiku ambiri? Musayankhe za m'mutu, tengani kope mulembe kwa mwezi wathunthu nthawi imene achoka ndi imene abwera, chifukwa laini ya magetsi ya ku Area 47 si ya ku Area 25, ya ku Namiwawa si ya ku Bangwe, ndipo mnzanu amene akukuuzani kuti "ine sindivutika" mwina ali pa laini imodzi ndi chipatala.

Tsiku limene magetsi sanabwere konse, chimene chimakupulumutsani ndi kukula kwa batire, ndipo apa ndi pomwe anthu amadzipweteka posankha yotchipa. Leaf zoyamba zija, kuyambira 2010, zinali ndi batire ya 24 kWh, kenako kunabwera ya 30, ya 40 ndi ya 62. Imeneyo ndi nambala ya tsiku limene inatuluka ku fakitale, osati lero. Pa dashibodi pali timizere 12 tosonyeza moyo wa batire, osati toonetsa kuti yadzaza bwanji ayi, tinato. Ya 24 kWh imene yatsala ndi timizere 8 yatsala ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu, makilomita 100 simufika, ndiye magetsi akajomba mausiku awiri otsatizana mukwera minibasi. Ya 40 kWh yabwinobwino mukhoza kudumpha mausiku atatu muli phee. Musanalipire uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha SOH, nambala yosonyeza moyo umene watsala mu batire, pali app yotchedwa LeafSpy imene imawerenga zimenezi kudzera pa OBD, kasoketi ka m'galimoto kolumikizirapo makina oyezera, akamazembazemba musiyeni. Ndipo dziwani kuti batire ya Leaf zimene ndatchulazi siziziritsidwa ndi madzi, kutentha kwa ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi kapena Salima kumaikalambitsa msanga. Za ulendo wa Lilongwe mpaka Blantyre, makilomita opitirira 300, ndi Leaf yakale, chonde tisakambirane nkomwe.

Pali nkhani imene imandiwawabe mpaka pano. Mayi ena, namwino, amagwira mashifiti a usiku, anatopa ndi kutuluka kuntchito m'mawa n'kukaima pa filling station m'malo mokagona. Anasunga ndalama, anagula Leaf ya ku Japan yabwino ndithu, batire yake inali bwino. Anandiitana galimoto itafika kale. Ndinapeza nyumba yoti masoketi a zipinda zitatu ali pa buleka imodzi, earth leakage, buleka ija yodula magetsi akayamba kuthawira pansi, palibe, ndodo ya earth panja inadyeka ndi dzimbiri waya wake ukungolendewera. Ndinawauza kuti pakufunika laini yakeyake kuchokera pa DB, bokosi lija la mabuleka, mpaka pomwe galimoto imagona, ndi tchaja yogwirizana ndi magetsi athu, ndinawalembera mtengo. Anati ndalama zonse zathera pa galimoto, tidikire malipiro a kutha kwa mwezi, ndipo ine ndinawamvetsa, ndinangowapempha kuti padakali pano asailumikize pa soketi ya m'nyumba.

Koma galimoto ili pakhomo, kuntchito kukufunika kupita, ndiye panapezeka mnyamata wa m'dera lomwelo "wodziwa za magetsi". Waya wotchajira umene umabwera ndi Leaf ya ku Japan unapangidwira magetsi a 200V a kumeneko, pulagi yake ndi ya mtundu wina ndipo umakoka pafupifupi 15A. Mapulagi athu a mano atatu aja ali ndi fyuzi ya 13A. Mnyamata uja anadula pulagi ya ku Japan n'kuikapo yathuyi, itayamba kutentha n'kupsereza fyuzi iye anachotsa fyuziyo n'kukulungapo kawaya. Popeza soketi yapafupi inali m'chipinda cha ana, anatulutsa ekisitenshoni pawindo, ija yozungulira pa chiwilo, theka la waya lili chikulungire. Analandira ndalama yake n'kumapita, eti "zatheka madam, anthu amangofuna kukudyerani".

Ndipo zinagwiradi, ndi zimene zimapusitsa anthu. Masabata angapo galimoto imadzaza bwinobwino. Ketulo imakoka mphamvu zambiri inde koma kwa mphindi zitatu, ayironi imayaka n'kuzima yokha, pamene galimoto imakoka osapuma maola asanu, sikisi, usiku uliwonse. Mano a pulagi amatentha, tizitsulo ta m'kati mwa soketi timalefuka, tikalefuka kutentha kumaonjezekera, pulasitiki imayamba kuda pang'onopang'ono kuseri kwa bedi komwe palibe amene akuona. Usiku wina soketi inasungunuka, katani inagwira moto. Mwana wamkulu ndi amene anadzuka ndi utsi n'kukoka mng'ono wake. Wamng'onoyo anapsa mkono, chipinda chonse chinatha, denga linalowa mwaye mpaka pabalaza.

Chimene chimandipweteka n'choti mayi aja sanali osasamala ayi, anafunsa, ndipo munthu amene anamukhulupirira anawauza kuti zili bwino. Galimoto inali panja osakandika paliponse, koma dera lonse mpaka lero limanena kuti galimoto zamagetsi zimaotcha nyumba. Mnyamata uja akugwirabe ntchito, ndimamuona ndi ka testa kake m'thumba. Ndipo ndalama zimene ankadikira kutha kwa mwezi zija sizikanafika olo pa mtengo wa siling'i yokha imene anakonzetsa pambuyo pake.

Ndiye mukandiitana ine sindiyamba ndi galimoto, ndimatsegula DB. Ndimaona waya wochokera pa mita kuti ndi wonenepa bwanji, main breaker ndi ya ma amp angati, mukayatsa kuka ndi giza pamatsala malo a galimoto kapena ayi. Ndimayeza earth ndi chipangizo, osati kungoona kuti kawaya kobiriwira kalipo. Tchaja yabwino ikapeza kuti earth palibe imakana kuyamba, ndipo amisiri achinyengo amathana nazo polumikiza earth ku neutral m'kati mwa soketi kuti tchaja ipusitsike. Tsiku limene neutral idzaduke panja, thupi lonse la galimoto lidzakhala ndi magetsi, mwana wanu atatsamira chitseko osavala nsapato pa simenti yonyowa. Galimoto iyenera kukhala ndi buleka yakeyake, earth leakage ya 30mA, ndi waya wake wosagawana ndi china chilichonse, wosachepera 2.5mm pa tchaja yaing'ono, ndipo mtunda ukatalika timakweza. Ekisitenshoni ayi. Adaputa ya pamsika ayi. Sindikunyengererani pamenepa.

Ena amabwera atagula kale tchaja yapakhoma ya 7 kW poganiza kuti akamatchaja mwachangu athana ndi kuzimazima. Imeneyo imakoka 32A, imafuna waya wa 6mm kapena kuposa, ndipo nyumba zambiri zimene ndimalowa siingayende limodzi ndi kuka. Choseketsa palibe apa, ndi ndalama zotayika, chifukwa Leaf zambiri za ku Japan zimalandira pafupifupi 3 kW basi olo muipatse tchaja yaikulu bwanji. Onaninso kamwa la galimotoyo musanagule chilichonse, za ku Japan ndi Type 1 ndi CHAdeMO, zambiri za ku Ulaya ndi Type 2 ndi CCS2, zopangidwira msika wa ku China ndi GB/T, sizilowana.

Chimene chimaononga matchaja kwathu kuno kwenikweni si mdima, ndi magetsi ofooka a madzulo aja, mababu akuoneka ngati akudwala, komanso mphindi imene magetsi akubwerera, kuphatikizapo ziphaliwali za nthawi ya dzinja. Thiransifoma ya m'dera ikalemedwa voteji imagwa, neutral ikaduka kapena kubedwa nyumba zina zimalandira yokwera kwambiri. Ikani surge protector, yoteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, pa DB ndi chotetezera chimene chimadula voteji ikakwera kapena kutsika mopitirira, n'kudikira pang'ono chisanalumikizenso. Ndipo ikani taima kuti galimoto iziyamba kutchaja anthu atagona, osati 6 koloko madzulo dera lonse likuphika. Tchaja ya m'kati mwa galimoto ikapsa simuipeza pa shelefu ku Limbe kapena ku Malangalanga, muitanitsa kunja n'kumadikira.

"Ine ndili ndi sola", amatero enanso. Chabwino, sola yake iti? Batire ya 100Ah ya 12V ili ndi 1.2 kWh, ndipo ngati si ya lithium mumayenera kugwiritsa theka lokha. Mabatire awiri amene amayatsa TV ndi mababu aja galimoto iwamaliza ola lisanathe, n'kuwapha m'miyezi yochepa. Olo ya lithium ya 5 kWh siyikwana ulendo wa makilomita 40 uja, ndipo nyumba igona mumdima. Sola imathandiza ngati galimoto ikutchaja masana dzuwa lili pamutu, panelo ya 550W imapereka mayunitsi awiri kapena awiri ndi theka patsiku, ndiye muonjezere mapanelo anayi a galimoto yokha ndi inveta yoti ikhoza kunyamula katunduyo kwa maola ambiri. Koma masanawo galimoto ili kuti, si ili kuntchito? Kwa amene amagwira usiku kapena ogwirira ntchito pakhomo zimatheka bwino kwambiri, enanu muganizirenso. Za jenereta, ndiye kuti mwabwerera pa mzere wa petulo womwe uja, pano muli ndi chigubu m'manja.

Ngati muli pa lendi ndipo mita mukugawana ndi nyumba zina zitatu, kapena eni nyumba sakulola kukoka laini yatsopano, kapena galimoto imagona kwa aneba, ine ndimanena mosabisa kuti nthawi yanu sinakwane. Gulani hybrid ngati Toyota Aqua, simuilumikiza kukhoma ndipo petulo imamwa pang'ono. Sindikuchepetsani potero, ndikukana kuti muike mamiliyoni pa chinthu chimene mulibe pochidyetsera.

Amene akukuikirani laini mufunseni laisensi ya MERA, akuonetseni, ndipo akamaliza ayeze earth ndi earth leakage inu muli pompo. Akakwiya ndi funsolo mwadziwa kale kuti ndi ndani. Chimodzimodzi ku galaja, mawaya a olenji aja m'galimoto muli ma volt opitirira 350, si za makanika wongoyesera ndi sipanala.

Kwa inu amene mukutchaja kale pa soketi wamba pamene mukuwerenga izi, usiku uno galimoto ikatchaja kwa theka la ola pitani mukagwire pulagi ndi soketiyo. Ikakhala yotentha moti simungasiyepo dzanja, kapena mwaona pakuda m'mbali mwa mano, kapena mukumva kafungo ka pulasitiki, kapena buleka yakhala ikugwa inu n'kumangoikweza, zimitsani, zulani, ndipo musailumikizenso mpaka munthu wa laisensi ataona. Musati mudikira malipiro, kwerani minibasi sabata imeneyo.