Chuma cha China chinakula, masheya ku Shanghai anatsika

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chuma cha dziko chikamakula, mitengo ya masheya imakweranso. China inaonetsa kuti si nthawi zonse.

Pakati pa 2007 ndi 2017 chuma cha dzikolo chinakula kuposa katatu powerengera m'madola, ndipo mu 2010 chinapitirira cha Japan. Njanji ya sitima zaliwiro ya Beijing ndi Tianjin inatsegulidwa mu 2008; pofika 2017 njanji zoterezi zinali pafupifupi makilomita 25,000. Koma mlozo wa msika wa masheya wa Shanghai (nambala yoonetsa kukwera kapena kutsika kwa mitengo ya masheya pamsikawu), womwe unapitirira 6,000 mu Okutobala 2007, unatseka 2017 uli cha pa 3,300.

Chifukwa choyamba n'choti mu 2007 anthu anakhamukira kumasheya n'kuwagula modula mopyola muyeso. Komanso makampani ambiri akuluakulu pamsikawu ndi aboma, omwe amamvera boma asanaganizire eni masheya ang'onoang'ono. Ena ankangotulutsa masheya atsopano, phindu n'kumagawidwa kwa anthu ochuluka.

Ndipo makampani amene anakuladi mwachangu analembetsa masheya awo kumisika ina: mwachitsanzo makampani a pa intaneti, Tencent ku Hong Kong mu 2004 ndi Alibaba ku New York mu 2014.