Kompyuta yakale ikamachedwa pa intaneti: mafunso ndi mayankho

M'makomo ambiri ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, mumzinda wa Harare, muli malaputopu amene anagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo eni ake amadandaula kuti masamba a pa intaneti amatseguka mochedwa. Pali ndondomeko yoyenera kutsatira munthu asanapereke madola ake kwa wokonza.

Kodi kufufuza kuyambire pati?

Choyamba ndi kudziwa ngati vuto lili pa netiweki kapena m'makinamo. Lumikizani foni pa Wi-Fi yomweyo n'kutsegula tsamba lomwelo. Ngati nayonso foni ikuchedwa, kompyuta ilibe mlandu, chifukwa netiweki imafooka madzulo anthu akachuluka pa intaneti, ndiponso magetsi akathima kwa maola ambiri m'dera lanu.

Nanga foni ikamatsegula msanga?

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa zimene kompyuta ikuchita, itseguke, ndipo muyang'ane pa Memory ndi pa Disk, Chrome kapena Firefox ili yotsegula. Manambala a pamenepo akamakhala pafupi ndi 100%, gwero la vuto lapezeka. Masamba a masiku ano amabwera ndi mavidiyo ndi zotsatsa malonda zambiri, moti RAM (Memory ija, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito) ya 2GB kapena 4GB imadzaza masamba ochepa okha atatsegulidwa. Ikadzaza, Windows imayamba kusamutsira zinthu pa disiki n'kumazitenganso, monga mayi wophika pa mbaula imodzi amene amaphula mphika wina kuti atereke unzake. Disiki ya malaputopu akale ambiri imazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndipo siingafanane liwiro ndi RAM ngakhale pang'ono. Mudzaona kagetsi kake kakuyaka mosalekeza, kamuvi ka mbewa kakudukizadukiza. Mu Chrome, kudina Shift ndi Esc kumaonetsa tsamba limene likudya RAM yambiri.

Kodi kutentha kuli ndi mbali yake?

Inde, makamaka mu Okutobala, fumbi la chilimwe litatseka timabowo totulukira mpweya. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikatentha kwambiri imachepetsa liwiro yokha kuti isapse. Fani ikamalira osapuma, makinawo akufunika kupukutidwa m'kati, ndipo asamaikidwe pa bulangete.

Ndigule RAM kapena SSD?

Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha ndipo RAM ilipo kale 4GB, ine ndingayambe ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira, chifukwa imafulumizitsa ntchito zonse za kompyuta. Ofuna RAM apite m'tauni ndi laputopu yeniyeniyo, poti RAM ya mtundu wa DDR3 silowa pamalo a ya DDR4. Aonenso mtundu wa Windows yawo: ya 32-bit siigwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB, ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji.

Kodi mapulogalamu olonjeza kufulumizitsa kompyuta amathandiza?

Ambiri sathandiza, ndipo ena amangowonjezera katundu. Kuchotsa mapulogalamu osafunika amene amayamba okha kompyuta ikayaka n'kothandiza kuposa apo.

Malamulo a Microsoft akukhudza bwanji makina akale?

Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pa Windows imeneyi ndi 109, choncho masamba ena amatseguka mopereweza. Windows 10 nayo inafika kumapeto pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira a 64GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makina akale ambiri alibe. Makina otere angaikidwe Lubuntu kapena Linux Mint m'malo mwa Windows, zomwe n'zaulere ndipo sizilemetsa kompyuta, koma musanatero sungani mafayilo anu onse pa fulashi.