Jogalafe si kuloweza mayina a mitsinje ayi

Anthu ambiri akamva kuti wina amaphunzitsa jogalafe ku yunivesite amangoti aa ndiye zija zoloweza mitsinje ndi mapiri, zomwe tinkajambula mu kope ku pulayimale. Zimandiwawa ndithu, chifukwa pali gawo la jogalafe ya zachuma lomwe limafunsa funso lolemera, kuti n'chifukwa chani chuma chili apa osati apo?

Tengani tiyi. Ali ku Thyolo ndi Mulanje chifukwa cha mvula yambiri inde, koma si zokhazo, malo aja anatengedwa ndi azungu nthawi ya atsamunda ndipo mpaka lero anthu ambiri kumeneko akusowa polima, ndiye nthaka, mbiri ndi ndalama zonse zimaphunziridwa pamodzi. Kapena mafuta agalimoto, ife tilibe doko la kunyanja yamchere ndiye amadutsa ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, mtunda wonsewo umalowa mu ndalama ya minibasi yomwe mwalipira m'mawa uno. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 cholinga china chinali kukokera chitukuko ku chigawo chapakati, koma zinatheka mpaka pati? Ofufuza amapita kukafunsa anthu m'midzi ndi m'misika, amatenga ziwerengero za kalembera n'kuziika pa mapu a pakompyuta.

Katswiri wina wa zachuma dzina lake Von Thünen mu 1826 ku Germany ankafunsanso zomwezi, kuti mlimi alime chani malinga ndi kutalika kwa msika. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda amawerengetsa zomwezo asanakweze dengu pa lole yopita ku Lilongwe.