Kumwetulira kwa anesi sindiye sikelo

Mukafunsa amayi apakati potuluka pa kiliniki kuno ku Chipata kuti zayenda bwanji, ambiri amati, "Anesi atilandira bwino, mzere sunatalike." Yankho limeneli landitopetsa. Ulemu ndi wofunika, ndipo nesi wokalipira mayi wapakati alibe chowiringula. Koma musanati mwakhutira, dzifunseni: lero andipima chiyani?

Tsegulani khadi lanu. Ulendo uliwonse BP iyenera kulembedwa. Ikafika 140/90 mimba itapitirira milungu 20, mkodzo upimidwenso tsiku lomwelo, chifukwa BP yokwera ndi puloteni mumkodzo ndiwo matenda aja amagwetsa mayi ngati wakhunyu. Kuipa kwake, poyamba sapweteka.

Amene amandidetsa nkhawa si wothawa sikelo ayi, koma uja sanaphonyepo tsiku. Amamugwira pamimba, amamvera mtima wa mwana, iye n'kubwerera kwawo mosangalala, pomwe malo a BP pakhadi ali osalembedwa poti makina analibe mabatire. Mwezi wa 8 akubwera naye pangolo, nkhope ndi manja zitatupa, mutu ukung'amba, maso akuchita chidima. Amayi, akakuuzani kuti makina afa, funsani tsiku loti mubwerenso, kapena kapimitseni pa kiliniki ina sabata lomwelo.

Fansidar, mankhwala oteteza ku malungo, ndi mapilitsi atatu, kuyambira mwezi wachinayi, kamodzi pamwezi, omwera pomwepo nesi akuona, osati kumanga pachitenje. Magazi apimidwe HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magaziwo. Chindoko chikapezeka, abambo nawonso abayidwe jakisoni, apo ayi adzakupatsiraninso.

Tsono zonsezi zimathandiza wobwera msanga. Kuyambira 2016, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi aonedwe kasanu ndi katatu, koyamba milungu 12 isanathe. Ife timabisa mimba kuopa afiti mpaka itaonekera yokha mwezi wachisanu ndi chimodzi, malungo ndi kuchepa kwa magazi zitayamba kale kufooketsa mwana.

Ndipo agogo, azakhali, lekani kumwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire. Mankhwalawo amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, n'kuching'amba, ndipo palibe amene amadziwa muyeso wake. Chiberekero chong'ambika sachisokera pa kiliniki ya kumudzi. Chimafuna opaleshoni ndi magazi ku chipatala chachikulu ngati Chipata Central, ndipo ambulansi ikachedwa, mwana ndiye amayamba kutisiya.