Ntchito ikufunika msanga: mafunso ndi mayankho kwa a ku Chikwawa ndi Nsanje

Ufa ukatha m'nyumba, mwana n'kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, munthu sasaka ntchito modekha. Amavomera chilichonse, ndipo akuba ndi mabwana ankhanza amadziwa zimenezi. Mafunso ali m'munsiwa ndimawamva kawirikawiri pa Dyeratu, pa Nchalo ndi ku Bangula. Mayankho ake atsamira pa lamulo la zantchito la Employment Act la 2000, komanso mmene ntchito zimayendera kuno kuchigwa cha Shire.

Ndikufuna ntchito sabata yomwe ino. Ndiyambire pati?

Yambirani pa mapepala musanapite pageti lililonse. Chiphaso cha unzika, mafotokope a setifiketi ya JCE kapena MSCE ngati muli nayo, kalata yofunsira ntchito ya tsamba limodzi, ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu, poti ambiri masiku ano amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kapitawo akamalemba anthu sadikira munthu amene akuti chiphaso chili kwa amalume ku Ngabu. Amaitana wotsatira pamzere.

Ambiri a ife mapepala adapita ndi madzi, ena pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ena pa Freddy mu Malichi 2023. Ngati ndi choncho, tengani lipoti la apolisi mupite nalo ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, pa boma, ndipo za setifiketi ya sukulu mwini wake ndi bungwe la mayeso la MANEB. Zimatenga nthawi, n'chifukwa chake muyambe lero. Mukawapeza, ajambuleni pafoni, enieniwo muwakulunge m'pulasitiki n'kuwaika pamwamba.

Ndidagwirapo ntchito kwina koma ndilibe umboni. Nditani?

Pepala la umboni wa ntchito yakale ndi limene limafulumizitsa zinthu kuposa onse, koma anthu ambiri sadziwa kuti ndi ufulu wawo. Gawo 31 la lamulo la zantchito lija limati ntchito ikatha, bwana ayenera kukupatsani kalata mukaipempha. Kalatayo imatchula dzina la olemba ntchito ndi kumene ali, mtundu wa bizinesi yawo, nthawi imene mudagwira, udindo wanu ndi malipiro amene munkalandira. Chifukwa chimene ntchito idathera chimalembedwa pokhapokha inuyo mwapempha kuti chilembedwe. Mfundo yomalizayi muigwire bwino, inu amene mudasiyana ndi bwana mutayambana: mukhoza kutenga kalata yonena zaka zanu zokha popanda nkhani ya mkanganowo.

Mlonda wa zaka zinayi wokhala ndi kalata yotere amalembedwa tsiku lomwelo. Mnzake wa zaka khumi wongofotokoza pakamwa amauzidwa kuti abwerenso. Zimandiwawa kuona bambo wamkulu, amene adathera mphamvu zake m'munda wa eni ake, akulumbira pamaso pa kalaliki wamng'ono kuti ntchitoyo amaidziwa. Bwererani kumene munkagwira mukapemphe kalata yanu. Akakana, nkhaniyo ndi ya ku leba, ofesi ya boma yoona zantchito.

Kuno ntchito zimapezeka nthawi yanji?

Chigwa chino chimayendera nyengo. Kudula ndi kugaya nzimbe ku Nchalo kumayamba mvula ikatha, cha mu Epulo, n'kupitirira mpaka kumapeto kwa chaka, ndipo anthu amalembedwa ntchitoyo isanayambe. Wofika mu Julayi amapeza malo atadzaza. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata nawonso amafuna manja pa nthawi yomweyo. Thonje likapsa cha ku Ngabu pamakhala ganyu yotola, ndipo kutsidya kwa Shire, m'masikimu a mpunga a Nkhate ndi Muona, ganyu imachuluka pookera ndi pokolola. Madzi akaphwa, madimba amafuna olima. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, yabweretsanso ntchito za omanga, madalaivala ndi alonda kudzera mwa makontilakitala.

Ganyu musainyoze pamene mukudikira yankho la kalata. Imagula ufa, ndipo m'mundamo ndi momwe mumamvera kuti uje akulemba anthu Lolemba.

Ofesi ya leba ingandipezere ntchito?

Ili pa boma, ku Chikwawa ndi ku Nsanje komwe. Mukhoza kukalembetsa dzina ngati wofuna ntchito, ndipo ndi bwino kutero, koma musakhale pakhonde kudikira foni yawo. Onaninso bolodi la zidziwitso ku khonsolo, mvetserani wailesi za m'dera ngati Nyanthepa, ndipo uzani anthu a kumpingo, kumzikiti ndi a mfumu mtundu weniweni wa ntchito imene mukufuna. Kunena kuti "ina iliyonse" sikuthandiza munthu kukukumbukirani. Mphamvu yeniyeni ya ofesi ya leba ili pa madandaulo.

Wina akuti ndimupatse kangachepe andilowetse. Ndipereke?

Ayi. Ntchito siigulidwa. Mphwanga adagulitsa mbuzi ziwiri kupatsa munthu amene ankati ali ndi m'bale wake mu ofesi yolemba anthu pa kampani ina. Adamuuza kuti akafike pageti mamawa. Adapezapo anzake asanu ndi mmodzi, onse atalipira munthu yemweyo, foni yake itazimitsidwa. Mbuzizo zinali zotsala pa chigumula.

Ngakhale wolandirayo atakhala wa mkati weniweni, lamulo lothana ndi ziphuphu limagwira wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo malo okanena ndi ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kapena kupolisi. Amayi ndi atsikana, bwana kapena kapitawo wofuna thupi lanu kuti akulembeni akuphwanya lamulo la Gender Equality Act la 2013. Mlandu ndi wake, si wanu.

Chenjeraninso ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza ntchito kunja, ulendo wolipiridwa kale. Amayi a ku Malawi kuno adazunzika ku Oman atapita mwa njira yotere, ziphaso zawo zoyendera zitalandidwa. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015 lilipo, koma ndi bwino kufunsa ku leba musanakwere galimoto kusiyana ndi kulidalira muli kale kutali.

Andiuza kuti ndiyambe mawa, kontilakiti ibwera pambuyo. Ndiyambe?

Yambani, njala siidikira siginecha. Koma musanagwire khasu kapena fosholo, funsani pamaso pa mboni kuti malipiro ndi angati, amaperekedwa liti, ndipo ndi a tsiku, a ndime kapena a mwezi. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kukupatsani pepala lofotokoza ntchito yanu, malipiro ndi maola pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Malipiro ochepetsetsa amaikidwa ndi boma ndipo amasintha: mu 2024 adakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo a leba adzakuuzani malipiro ochepetsetsa a panopa.

Gulani kope la masamba ochepa. Lembani tsiku lililonse limene mwagwira, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndi ndalama iliyonse imene mwalandira. Mkangano ukadzabuka, kope lakudalo limalankhula kuposa kukumbukira kwa kapitawo.

Ndimalembedwa chaka ndi chaka pa nyengo yokolola yokha. Zaka zimenezi zimawerengedwa?

Inde. Gawo 43 la lamulo la zantchito limati mukagwira kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, miyezi yonse imene mudagwiradi imaphatikizidwa ngati ntchito yosadukiza. Sungani mapepala a malipiro a nyengo iliyonse. Amakuthandizaninso kulembedwa msanga nyengo yotsatira.

Nanga Mbwezera Chilengedwe?

Iyi ndi ndondomeko ya boma yothandiza mabanja ovutika kudzera mu ntchito zosamalira chilengedwe. Si ntchito yofunsira ndi kalata. Anthu amasankhidwa kuchokera m'kaundula wa boma wa mabanja ovutika, kudzera ku khonsolo ndi makomiti a m'midzi, ndipo amagwira masiku owerengeka pobzala mitengo ndi kuteteza nthaka. Funsani a komiti ngati banja lanu lili m'kaundulamo, koma musaike chiyembekezo cha sabata ino pamenepo.

Luso ndili nalo, pepala ndilibe.

Omanga, akalipentala ndi owotcherera ambiri kuno adaphunzira pamanja pa amalume awo. Pali mayeso a luso la ntchito zamanja otchedwa trade test, ndipo bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA lili ndi njira yoyesa luso limene munthu adaliphunzira kunja kwa sukulu. Izi si za mawa. Za mawa ndi zithunzi za nyumba kapena mageti amene mudapanga, ndi nambala za anthu awiri amene angakuikireni umboni.

Ndalowa ntchito mwachangu, andichotsa osandilipira. Ndipite kuti?

Ntchito ikatha, malipiro anu onse ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7. Ngati mwachotsedwa mopanda chilungamo, dandaulo limapita kwa mkulu wa leba wa m'boma lanu pasanathe miyezi itatu, ndipo akalephera kukuyanjanitsani nkhani imapita ku khoti la zantchito ku Blantyre. Musadikire kuti bwana asinthe mtima mpaka miyeziyo idutse. Tengani chiphaso, kope lija ndi dzina la mboni yanu, mukwere kabaza wa ku boma sabata yomweyo.